Amnion pochiza diso

Amnion ndi nembanemba yopyapyala ya m'kati mwa nsupa, momwe mwana amakulira m'mimba. Madokotala amaitenga kwa mayi wobereka mwa opaleshoni akavomereza, atamuyeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi.

Ikaikidwa padiso, imatchinga chilonda kuti chikope chisachikhule. Imakola maselo oyera a magazi amene amakolezera kutupa, ndipo maselowo amafera pomwepo. Imachepetsanso zipsera ndi timitsempha tatsopano, zomwe zikaphimba galasi la diso munthu amasiya kuona.

Njirayi inayesedwa padiso koyamba mu 1940, n'kufala kuyambira 1995. Imathandiza diso lopsa ndi laimu, komanso pochotsa pterygium, kamnofu komera m'maso mwa anthu okhalitsa padzuwa, monga alimi ndi asodzi a kunyanja.