Zenera Nalonso Ndi Mankhwala

Ambiri akamva kuti ntchito yanga ndi yojambula mapulani a zipatala amayesa kuti ndimangosankha utoto ndi kuwerengera njerwa. Koma ine ndinena poyera kuti nyumba yogonekamo odwala, ingakhale ilibe manja obaya jakisoni, ili nayo mphamvu yochiritsa ndiponso yopha, ndipo n'chifukwa chake tisanakhome chikhomo pamalo, timayamba tafunsa zimene ofufuza adapeza, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pa kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 1984, Roger Ulrich adasanthula mabuku a chipatala china ku Pennsylvania, napeza kuti ochitidwa opaleshoni ya ndulu amene zenera lawo linkapenya mitengo ankatulutsidwa msanga, nasowa mankhwala ochepa opha ululu, kusiyana ndi anzawo openya khoma. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2007, ofufuza adayeza mpweya m'zipatala za ku Lima, m'dziko la Peru, naona kuti m'nyumba zakale za denga lalitali ndi mazenera aakulu, akatsekula zonse, mpweya unkasinthika ka 40 pa ola, pamene m'zatsopano unkasinthika ka 17 kokha. Ndipo popeza kachilombo ka chifuwa chachikulu kamayenda ndi mpweya wa munthu wotsokomola, umboni wotere ndiwo umatilamula kukweza denga ndi kuyang'anitsa mazenera mbali ndi mbali, kuti mphepo ilowe uku nitulukire uko.

Komatu nzeru za kutsidya kwa nyanja sizikwanira pazokha. Kuno ku Ntcheu, chisanu cha ku Tsangano mwezi wa June ndi chitungu cha m'chigwa cha Bwanje mwezi wa October sizingagonekedwe m'pulani imodzi. Ku Tsangano, zenera lalikulu lokhala pamutu pa bedi wodwazika matenda adzalitseka dzuwa likangolowa, natsekera ndi chitenje pamene pakulowa mphepo, ndipo ndani angamudzudzule? Tsono mipata ya mpweya timayiika m'mwamba, pansi pa denga, kuti mpweya woipa uzituluka wodwala osazizidwa. Ku Bwanje kufunika khonde lotambalala, siling'i yotchinga kutentha kwa malata, ndi sefa m'mazenera woletsa udzudzu.

Mafumu athu, monga Inkosi Kwataine, atalimbika kuti amayi azikachirira kuchipatala, zidikiro zidadzaza, ndipo funso lidakhala lakuti mayi woyembekezera adzagona motani masabata akudikirawo. Ku Kasungu, mu 2015, a MASS Design Group adamanga chidikiro cha tinyumba ta mabedi anayianayi tozungulira bwalo, m'malo mwa chinyumba chimodzi chachitali. Ndipo ofufuza atafunsa amayi ogonamo, adapeza kuti mtima wawo unkakhazikika chifukwa cha zimbudzi ndi mabafa abwino, malo a owadikirira, chitetezo, ndi posungira katundu wawo. Zimenezi palibe katswiri akadazidziwa ali chikhalire mu ofesi.

Chotero ndikupemphani, inu mafumu ndi a makomiti a chitukuko, kuti musanaumbe njerwa za chipatala chatsopano muziitana namwino, mzamba, wokolopa m'wodi ndi amayi amene adagonapo kuchidikiro, anene zimene maso awo adaona. Ndipo nyumbayo ikatha chaka, mutiitanenso ife ojambula tidzayeze mpweya ndi kutentha, tidzamvenso madandaulo, kuti chipatala chotsatira chidzapose chimenecho.