Gadiyani, musatuluke m'chipatala musanafunse

Mawu akuti khansa akangotuluka pakamwa pa dokotala, makutu a wodwala amatsekeka. Zonse zonenedwa pambuyo pake sazimvanso. Tsono lero ndili ndi inu bambo amene mwaperekeza akunyumba kwanu, ndi inu achemwali amene mwasiya geni kuti mudwazike amayi. Woyenera kumva ndi kusunga malangizo ndinu.

Gulani kope, muziyenda nalo limodzi ndi buku la kuchipatala. Funsani dzina la khansayo, pamene yafika, komanso ngati mankhwalawo ndi ochiza kapena ongochepetsa ululu. Funso lomalizali ndi lowawa, koma banja losafunsa limagulitsa mbuzi, njinga mpaka malata posaka mankhwala kwina ndi kwina. Chingerezi chikachuluka, nenani kuti, "Pepani adokotala, sindinamve." Sakuthamangitsani ayi. Lembani yankho pomwepo, chifukwa kumudzi amalume akakufunsani.

Wodwala akamalandira mankhwala a khansa a m'diripi, asilikali a m'thupi amachepa, makamaka sabata yachiwiri atalandira. Thupi likatentha, musangomupatsa panado n'kugona. Pitani kuchipatala usiku womwewo ndipo mukanene tsiku limene analandira mankhwalawo. Za kuthothoka kwa tsitsi musade nazo nkhawa, limameranso.

Pamene ambiri amasochera ndi pa mankhwala a ululu otchedwa morphine. Akaona botolo lija amati basi, madokotala amutaya. Si choncho. Munthu ululu ukamuleka amadya, amagona, amacheza ndi adzukulu ake. Wamadzi uja amamwa maola 4 aliwonse motsata wotchi, osadikira kuti ayambe kubuula, ndipo mlingo wake musasinthe nokha. Vuto lake amadzimbiritsa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Papaya wakupsa ndi madzi akumwa zimathandizanso. Zoterezi amaphunzitsa bwino ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Ngati muli kutali, kafunseni pa chipatala cha boma lanu namwino woona za odwala matenda amgonagona, akusonyezeni kasambitsidwe, katembenuzidwe ndi katsukidwe ka chilonda.

Khansa simungaitenge podyera limodzi kapena kugona chipinda chimodzi. Kumupatulira mbale munthu wotere n'kumuwonjezera matenda. Akamaliza mankhwala n'kuyamba kunenepa, tsiku lobwerera kukapimidwa musaliphonye.

Inu achemwali, ngati amayi akudwala khansa ya khomo la chiberekero, musangothera pa benchi kuwadikira. Lowani nanunso akuyezeni. Sizitenga nthawi, ndipo m'zipatala za boma n'zaulere. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse lino mu 2019. Mukafika kunyumba, tsegulani buku la mwana wanu wamkazi muone ngati anabayitsa.