Mukapuma pantchito, manja asapume

Mwezi woyamba umakoma. Bambo amene wagwira ntchito m'boma mpaka kukwanitsa zaka 60 zakubadwa wabwerera kwawo ku Nathenje, ndalama zili m'thumba, abale sakutha phazi pakhomo. Koma ikangotha miyezi isanu ndi umodzi, malata agulidwa, ngongole zabwezedwa, alendo achepa. Mkulu uja watsala ndi mpando wapakhonde ndi wailesi basi.

Lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidathandiza. Lidati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Koma lamulo limangosunga ndalama, siliuza munthu chochita kukacha. Kukhala ndwii tsiku lonse kumafooketsa thupi, kumabweretsa maganizo, ndipo ena kumawakokera ku bibida.

M'maiko ngati Australia ndi America, ambiri akapuma amasamukira m'mphepete mwa nyanja. Ena amawedza ali pa kayak, kabwato ka munthu mmodzi kopalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri. Ena amasema miyala yokongola n'kupanga mikanda ndi ndolo. Iwo amangotayitsa nthawi. Kuno ntchito zomwezi zingathe kutayitsa nthawi komanso kubweretsa ndiwo ndi kangachepe.

Tiyambe ndi mbedza. Kuchoka ku Nathenje kapena ku Mitundu kukafika ku Senga Bay m'boma la Salima ndi mtunda woposa makilomita 100, ulendo wa tsiku limodzi. Kumeneko kayak wathu ndi bwato losema, ndipo asodzi akhala akukola kampango ndi nsomba zina ndi mbedza kuyambira kalekale.

Komatu nyanja si dambo. Mphepo ya mwera, yomwe imalimba pakati pa May ndi August, imagudubuza ngakhale asodzi odziwa. Munthu wakumtunda asalowe yekha m'bwato. Apite ndi msodzi wa komweko, avale jekete yoyandamitsa, ndipo abwerere kugombe kunja kusanade.

Afunsenso malamulo a malowo, paja safunsa adadya phula. Pachilumba cha Mbenje, mwachitsanzo, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi kuyambira December mpaka April kuti nsomba ziswane, mwambo womwe udayamba m'zaka za m'ma 1950.

Amene thumba kapena miyendo sizikumulola kupita kunyanja angathe kuyiitanira nyanjayo pakhomo. Kudimba komwe madzi saphwa angakumbe damu n'kuweta makumba kapena chilunguni, zomwe zimadya madeya ndi tizomera tobwera kaamba ka manyowa a ziweto. Pakatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi amakhala akukolola. Nzeru zake sizili kutali: sukulu ya ukachenjede ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, ili ndi nthambi yophunzitsa ulimi wa nsomba komanso madamu ake. Ndipo chimamuletsa ndani gogo kukhala m'mbali mwa damu lake ndi mbedza, mdzukulu akumugwirira nyambo?

Tibwere ku miyala. Anthu a ku Nathenje amaudziwa bwino mwala, chifukwa ambiri amapeza chakudya pophwanya miyala yomangira. Koma pali miyala ina yosagulitsa pawilibala. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka ruby ndi sapphire, ku Mzimba kuli aquamarine, pomwe ku Ngabu m'boma la Chikwawa kuli agate wobiriwira ngati thambo.

Kwa zaka zambiri miyalayi yakhala ikutuluka m'dziko muno yosakonza, phindu lenileni n'kukadyedwa ndi osema akunja. Mu October 2025 boma lidaletsa kutumiza kunja miyala yosakonza. Apa wodziwa kusema ndiye wapeza mwayi.

Ntchito yake ndi yokhala pansi, yoyenera munthu wachikulire wodekha. Mwala umadulidwa ndi kasowo, n'kupalidwa pagudumu lonolera kuti utenge maonekedwe, kenaka n'kusalazidwa pang'onopang'ono mpaka kuwala. Ukabooledwa, mkanda kapena ndolo yapsa. Ophunzira amayamba ndi miyala yotsika mtengo ngati agate, kuti akalakwitsa asalire.

Pali zitatu zofunika kusamala. Choyamba ndi fumbi. Mwala uzidulidwa ndi kupalidwa uli m'madzi, chifukwa fumbi lake limaononga mapapo ndipo matenda ake alibe mankhwala. Chachiwiri ndi akamberembere ogulitsa magalasi a mabotolo m'dzina la miyala. Agate weniweni amakanda galasi, pomwe galasi silingamukande. Chachitatu ndi chiphaso. Kugula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafuna chilolezo cha boma, ndipo wochita mozemba angathe kutaya katundu ndi penshoni yomwe.

Chachikulu pa zonsezi ndi nthawi yoyambira. Luso saphunzira tsiku lolandira kalata yopumira. Amene zatsala zaka zisanu ayambe lero kukumba kadamu, kucheza ndi asodzi kapena kufunafuna womuphunzitsa kusema, malipiro akadalipo oti n'kukonzera zolakwika. Ndalama zonse zapenshoni asazithire m'ntchito yomwe sadaiyesepo.

Ana ndi mayi a pakhomo, musamuseke mkuluyo mukamuona akubwera ndi matope kapena akusinkhasinkha pa kamwala. Akulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavale. Mwina mkandawo adzausema ndi iyeyo.