Nambala ya madijiti 41 miliyoni yomwe sigawika

Wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande akakhala ndi tomato 12, atha kuunjika milu yofanana iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi. Koma akakhala ndi 13, pamatsala tomato nthawi zonse. Chifukwa chake n'chakuti 13 imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi. Akatswiri a masamu amatchula manambala otere kuti ma prime, ndipo oyambirira ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13.

Zaka zoposa 2,000 zapitazo, Euclid wa ku Alexandria adatsimikiza kuti manambalawa alibe mathero. Komabe, munthu akamawerenga chokwera amanka nasowa, choncho kupeza yaikulu si ntchito yamasewera.

Pa 12 October 2024, Luke Durant wa ku San Jose m'dziko la America adapeza yoposa zonse zomwe zinkadziwika. Iye adagwiritsa ntchito makompyuta a m'maiko 17 pansi pa ntchito yotchedwa GIMPS. Nambalayi imapezeka polemba 2 maulendo 136,279,841, kuchulukitsa onsewo, kenako kuchotsapo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320. Munthu wotchula dijiti imodzi pa sekondi, osagona osadya, angamalize patatha masiku pafupifupi 475.

Manambala opangidwa motere amadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa zaka za m'ma 1600. Ma 2 atatu amapereka 8, kuchotsapo 1 n'kutsala 7. Asanu amapereka 31. Kuti yankho likhale losagawika, kuchuluka kwa ma 2 kuyenera kukhala nambala yosagawikanso. Koma izi pazokha sizikwanira: ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. N'chifukwa chake nambala iliyonse imayenera kuyesedwa, ndipo ya Durant ndi ya 52 yokha kupambana mayesowo.

Nanga wa ku Bangwe kapena Chilomoni zikumukhudza bwanji? Kuchulukitsa 89 ndi 97 n'kosavuta, yankho ndi 8,633. Koma wopatsidwa 8,633 yokha kuti apeze manambala awiri aja amatuluka thukuta. Manambalawo akakhala a madijiti 300 iliyonse, ngakhale makompyuta amphamvu a masiku ano amalephera.

Apa ndi pomwe pagona njira yobisira uthenga ya RSA, yomwe Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman adakonza mu 1977. Makadi a kubanki okhala ndi kachipangizo konyezimira kaja komanso masamba ambiri a pa intaneti amadalira njirayi potsimikiza kuti si achinyengo.

Nambala ya Durant ndi yaikulu kwambiri moti singagwire ntchito imeneyi. Koma manambala anzake ang'onoang'ono ali m'gulu la zomwe zimalondera ndalama za munthu amene waima pa ATM ku Limbe kumapeto kwa mwezi. Tsiku lomwe wina adzapeze njira yachidule yogawira manambala aakulu, mabanki adzayenera kusintha maloko awo.