Kapezedwe ka malo abwino a nyama yootcha tikakhala pa ulendo wa geni

Abale anga a geni, ambirife sitikhala malo amodzi. Sabata ino tili ku Johannesburg kukaoda, sabata yamawa tili ku Durban kapena ku Harare, ena mpaka ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Munthu ukazungulira m'mashopu tsiku lonse ndi zikwama, madzulo mtima umafuna nsima ndi kanyenya ngati kwathu pa chiwaya. Vuto ndi lakuti mumzinda wachilendo sudziwa kolowera. Ukalowa polakwika, umalipira ndalama zambiri pa mafupa, kapena umakwera basi ya masiku awiri m'mimba mukuvuta. Amene anadutsapo pa Beitbridge ali m'mavuto oterewa akudziwa zomwe ndikunena. Nazi njira zothandiza posankha malo.

Dziwani dzina lake kaye

Mukafunsa kuti "kanyenya ali kuti" kunja kuno palibe angakumveni. Ku South Africa funsani shisa nyama kapena buy and braai. Ku Harare amati gochi-gochi. Ku Tanzania ndi nyama choma, ndipo tinyama tobaya pa kamtengo ndi mishkaki. Nsima nayo imasintha dzina: pap ku Joni, sadza ku Harare, isitshwala ku Bulawayo, ugali ku Dar.

Malo ambiri ku Joni ndi ku Zimbabwe amayenda chonchi: mumagula nyama yaiwisi mu butchala, akuyezerani pa sikelo, mulipire, kenako muipititse kwa wootcha panja. Nsima ndi saladi mumalipira padera. Dongosolo limeneli ndi labwino kwa ife alendo chifukwa nyama mumaiona ndi maso anu isanafike pamoto.

Ofunsa ake ndi ati?

Akulu anati safunsa anadya phula, koma si aliyense wofunika kumufunsa. Anthu odziwa ndi amene amadya kunja tsiku ndi tsiku ndi ndalama za m'thumba mwawo: madalaivala a basi ndi a matilaki, a ma taxi, alonda a pa mall pomwe mukuoda, ndi anyamata onyamula katundu. Musawafunse kuti "malo abwino ali kuti", chifukwa akulozerani kokongola kwa alendo. Funso likhale lakuti, "Inuyo nkhomaliro mumadya kuti?"

Google Maps ndi Facebook zimathandiza, koma yang'anani tsiku limene anthu analemba ndemanga zawo. Chitsanzo ndi Mzoli's ya ku Gugulethu, ku Cape Town. Inatsegulidwa mu 2003, inatchuka mpaka alendo a kunja ankabwera ndi mabasi, koma inatsekedwa mu 2021. Nkhani zakale zoiyamikira zikadalipo pa intaneti. Ndiye musanalipire Bolt kapena Uber, imbani foni kapena funsani muno m'gulu.

Malo odziwika m'mizinda yathu

Ku Johannesburg, amene mukuoda m'tauni, msika wa Kwa Mai Mai uli pafupi ndi msewu wa M2. Ndi msika wakale kwambiri, wodziwika ndi mankhwala azitsamba komanso nyama yootcha yomwe amaika pa thabwa. Ku Soweto kuli Chaf Pozi pansi pa Orlando Towers. Cha ku Ivory Park, kufupi ndi Tembisa, kuli Imbizo Shisanyama, yomwe ambiri amaitchula kuti Busy Corner. Ku Durban mayina amene mudzamve ndi Max's Lifestyle ndi Eyadini, onse ku Umlazi. Ku Harare aliyense amadziwa kwa Mereki ku Warren Park, komwe mumagula nyama mu butchala, amayi akuotcherani n'kukuphikirani sadza pomwepo.

Koma tisiyanitse. Malo otchukawa Loweruka ndi Lamlungu amakhala a chisangalalo: nyimbo zaphokoso, mowa, anthu odzaza, ndipo nyama imachedwa. Ndi abwino ngati mwamaliza kuoda ndipo katundu mwapereka kale kwa a transipoti. Ngati mukufuna kungodya msanga kapena kukambirana mitengo ndi munthu, pitani pakati pa sabata masana, kapena pezani butchala yaing'ono yapafupi yomwe ili ndi mbaula panja.

Zoona ndi maso musanalipire

Choyamba ndi anthu. Pamene pali mzere wa anthu a m'deralo, nyama imatha tsiku lomwelo ndipo mawa kumabwera ina. Pamene pali zii nthawi ya nkhomaliro, dzifunseni kuti nyama ili m'galasimo yagonamo masiku angati.

Chachiwiri ndi fuliji. Gwirani galasi, lizizire. Magetsi akamazimazima, onani ngati pali jenereta. Nyama yang'ombe yabwino imakhala yofiira bwino, yosaterera, yopanda fungo lowawasa. Samalani ndi nyama yomwe yanyikidwa kale mu sosi wambiri, chifukwa sosi amabisa mtundu ndi fungo. Ndi bwino kusankha yosapaka kanthu, azithira mchere ndi zokometsera inu mukuona.

Chachitatu ndi pepala la pakhoma. Ku South Africa, lamulo la R638 la mu 2018 limafuna kuti malo ogulitsa zakudya akhale ndi chiphaso chotchedwa Certificate of Acceptability chochokera ku khonsolo. Malo olongosoka amachipachika poonekera.

Chachinayi ndi chidindo cha pa nyama. Ku South Africa nyama yodutsa kophera kovomerezeka imadindidwa inki motsatira msinkhu wa ng'ombe. Ya A ili ndi chidindo cha pepo, ndi ng'ombe yaing'ono, yofewa, yoyenera kuotcha. Ya AB chidindo chake n'chobiriwira, ya B n'cha bulawuni, ya C n'chofiira. C ndi ng'ombe yaikulu, yokoma mukaiphika nthawi yaitali, koma pamoto imalimba ngati lamba. Ngati akukutchajani mtengo wa A pa nyama ya chidindo chofiira, akukudyerani.

Soseji nayo ili ndi lamulo. Yotchedwa boerewors iyenera kukhala ndi nyama yosachepera 90 peresenti, ndipo mafuta asapitirire 30 peresenti. Yolembedwa kuti braai wors kapena wors chabe siimangidwa ndi muyezo umenewo, n'chifukwa chake imatchipa. Dziwaninso kuti boerewors imaloledwa kukhala ndi nkhumba.

Kwa amene sadya nkhumba

M'gulu muno tili ndi Asilamu ambiri ndi a Seventh Day. Funsani musanagule, ndipo funsaninso ngati waya wootchera ndi umodzi. Nkhumba m'Chizulu ndi ingulube, m'Chishona nguruve, ndipo ku Tanzania yootcha kapena yokazinga amaitcha kitimoto. Ku Johannesburg, dera la Fordsburg ndi Mayfair, kufupi ndi Oriental Plaza, lili ndi malo ambiri a halaal, ndipo sikutali ndi Dragon City komwe ambiri timaoda. Yang'anani chiphaso cha SANHA, NIHT kapena MJC, osangokhulupirira mawu olembedwa ndi penti pakhoma.

Masamu a pa sikelo

Ife ndife anthu a masamu, ndiye tisasiye mutu pakhomo la butchala. Funsani mtengo wa kilo, onani kuti sikelo yayambira pa ziro, ndipo funsani ngati kuotcha kuli ndi mtengo wake. Nyama ikapsa imachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye mukachotsanso fupa la chuck kapena brisket, kilo imodzi si yambiri monga imaonekera. Mukakhala anthu atatu kapena anayi, sonkhani mugule pamodzi, zimatchipa kusiyana ndi aliyense mbale yake. Wootcha mupatseni kangachepe, ndipo imani chapafupi, chifukwa pa waya wodzaza nyama zimasinthana. Ku Zimbabwe tengani madola ang'onoang'ono, chenji imavuta. Ndipo ndalama ya chakudya muipatule pa mpamba musananyamuke. Mpamba wambiri umathera m'tizinthu totere osadziwa.

Mimba ya pa ulendo

Bungwe la WHO limalangiza kuti nyama ipse mpaka kufika madigiri 70 mkati, ndipo chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Palibe amayenda ndi choyezera, ndiye dulani pakati. Nkhuku, nkhumba ndi soseji zisakhale ndi kufiira, madzi ake atuluke oyera. Nyama yopsa isabwerere m'mbale yomwe munanyamulira yaiwisi. Kawirikawiri chimene chimagwetsa anthu ndi zapambali: saladi yotsukidwa ndi madzi okayikitsa, chakalaka chomwe chakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse. Pemphani kuti akuthirireni madzi, makamaka kumene kwamveka kolera. Tsiku lokwera basi yaitali idyani zopepuka pamalo pomwe mukupadziwa kale. Zam'kati ndi mang'ina a malo atsopano muyese tsiku lomwe mukugona mumzinda momwemo. Nyama yotsala musadutse nayo pa boda, malamulo a matenda a ziweto saloleza popanda chilolezo, ndipo mungachedwetse basi yonse.

Chitetezo

Musapite kokadya ndi ndalama zooda kapena katundu. Pasipoti ikhale pathupi, foni isakhale patebulo. Pitani awiri kapena atatu, bwererani kusanade, ndipo musamakambe mokweza za katundu yemwe mwagula kapena basi yomwe mukwere.

Mukapeza malo abwino, tithandizane. Lembani mu ndemanga dzina la malo, mzinda, mtengo wa kilo, tsiku lomwe munadyako, komanso ngati ndi halaal. Amene muli ku Bulawayo, Musina, Lusaka ndi Tete, tikudikira zanu, chifukwa njira imeneyo timadutsa ambiri.