DZIMBIRI: CHISWE CHA PANSI PA LOLE

Munthu akamayenda ku Area 4, m'tauni yakale ya Lilongwe, amapeza magalaja ndi masitolo a zipangizo za galimoto, ndipo m'magalajamo mumagwira ntchito anyamata ambiri amene anatsiriza sukulu posachedwa. Tsiku lina ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamphunzitsa sayansi ku Fomu 4, akutuluka chokwaŵa pansi pa lole ya dizilo, manja ali bii!

"Aphunzitsi, bwerani mudzaone misomali yathu ija," anatero uku akuloza sampu, mphika wachitsulo uja umene umakhala kunsi kwa injini ndi kusunga oilo.

Sampuyo inali ndi kabowo kochepa ngati diso la singano. Mwini loleyo, ataona madontho akuda pamene amaimika galimoto, anangoti n'zazing'ono. Oilo anatha ali paulendo wopita ku Kanengo ndi mabelo a fodya, zitsulo za m'kati zinayamba kukhulana zouma, ndipo injini inanoka, monga amanenera amakaniko. Phindu la chaka chonse linathera m'galaja. Akuluakulu sananame pamene anati madzi akatayika sawoleka.

Aŵerengi amene anadutsa ku sekondale akukumbukira misomali imene ankanena mnyamatayu. Timaika msomali umodzi m'madzi wamba, wina m'madzi oŵiritsa ophimbidwa ndi mafuta, ndipo wachitatu m'botolo la mpweya wouma. Pakapita masiku, woyamba wokhawo ndiwo umachita dzimbiri. Phunziro lake n'lakuti chitsulo chimadyeka pokhapokha madzi ndi mpweya wa okosijeni zikachipeza pamodzi, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo.

Wina angafunse kuti, kodi mphika wodzaza ndi oilo ungachite bwanji dzimbiri? Yankho n'lakuti oilo amateteza m'kati, pamene kunja kumadalira penti. Sampu zambiri n'zachitsulo chopyapyala, cha milimita 1 kapena 2, ndipo miyala ya m'misewu yafumbi imachotsa pentiyo pang'onopang'ono. Kuyambira Novembala mpaka Epulo matope amamatirira pamenepo ndi kusunga chinyontho usana ndi usiku. Malole ena amafika kuno atadyeka kale, makamaka ochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu. Ena amakumana ndi mpweya wamchere ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo onyamula feteleza ali pachiopsezo chomwecho, pakuti feteleza wambiri ndi mchere ndithu. Ngakhale m'kati momwe, nthunzi imasanduka madzi injini ikazizira, ndipo madziwo, pokhala olemera kuposa oilo, amakhazikika pansi penipeni.

Nanga mankhwala ake n'chiyani? Choyamba, tsukani sampu ndi mankhwala ochotsa mafuta, chifukwa penti sagwira pamalo anoninoni. Chachiŵiri, palani dzimbiri ndi bulashi yawaya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiŵale. Chachitatu, pakani mankhwala okhala ndi phosphoric acid, amene amasandutsa dzimbiri lotsalira m'timaenje kukhala chikhungwa chakuda. Pakauma, pakani penti woyamba monga red oxide, kenaka penti wopirira kutentha, kaŵiri. Kupaka penti pamwamba pa dzimbiri n'chimodzimodzi kumanga bala lamafinya osalitsuka.

Ngati sampu yabooka, khuthulani oilo, imasuleni, ndipo muitsuke bwino musanaiwotcherere. Kuwotcherera ili pagalimoto n'kuputa moto. Poibwezera ikani gasiketi yatsopano, ndipo mumange mabawuti mosinthanasinthana, osalimbitsa mopyola muyezo. Koma ngati chitsulo chapyapyala ponseponse, kugula ina n'kotsika mtengo kuposa kukonza injini. Oilo wakutha musamtaye m'ngalande, pakuti ngalande za ku Area 4 zimathera mumtsinje wa Lilongwe.

Kupeŵa sikulira ndalama zambiri. Tsukani kunsi kwa lole nthaŵi ya dzinja, sinthani oilo panthaŵi yake injini ikadali yofunda, ndipo yang'anani pansi m'maŵa uliwonse musanalize injini. Musaimike galimoto miyezi yambiri m'udzu wautali, pakuti chiswe chimaloŵa mphasa yongoimika.

Kwa aphunzitsi anzanga ndikuti, potsiriza phunziro la misomali titengereni ana kukasuzumira pansi pa galimoto, kuti aone kuti sayansi siithera pa mayeso a MSCE. Kwa inu achinyamata amene mukufuna umakaniko, kaya kudzera ku Lilongwe Technical College kaya pophunzira m'galaja, dziŵani kuti ntchitoyi imafuna mutu pamodzi ndi manja. Mnyamata wanga uja tsopano saloleza lole kutuluka pachipata asanaiŵeramire, ndipo eni malole ayamba kumfunafuna iye yemweyo.