CHIDULE CHA KHUTBA YA JUMU'AH: Mmene chifuwa chachikulu chimadziwikira

Tikumutamanda Allah, Subhanahu wa Ta'ala, amene adatisungitsa thupi ndi mpweya, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mumzikiti simulephera kumveka munthu wotsokomola. Nthawi zambiri chimakhala chimfine ndipo chimatha chokha. Koma chilipo chifuwa china chimene chimakhalitsa, chimamudya munthu pang'onopang'ono, ndipo chimalowa mwa amene akugona naye chipinda chimodzi. Ichi ndi chifuwa chachikulu, chimene achipatala amachitcha TB. Mankhwala ake alipo, ndipo ngaulere m'zipatala za boma, koma sapatsidwa kwa munthu amene sadayezedwe. Nchifukwa chake tifotokoze mmene matendawa amadziwikira.

Nkhaniyi tiionera ku Lilongwe, pakuti ambiri a ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi abale kumeneko. Ena amagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa ku Old Town, ena ndi alonda ndi ophika m'nyumba za mipanda ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ena akugwira ntchito m'maofesi a ku City Centre. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 mpaka 2014 adapeza kuti TB ndi yochuluka m'tauni kuposa kumudzi. Ndipo tikudziwa kuti mbale wathu akafooka m'tauni amakwera basi kubwerera kunyanja, matendawo ali nawo m'chifuwa.

Zizindikiro

Matendawa amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene Robert Koch wa ku Germany adatiulula pa 24 Marichi 1882. Timayenda mumpweya wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula. Sitiyenda pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi. Zizindikiro zake ndi izi: kutsokomola masabata awiri kapena kuposa, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kusafuna chakudya, ndipo nthawi zina magazi m'makhololo. Amene ali ndi kachilombo ka HIV asadikire masabata awiriwo; chifuwa cha masiku ochepa chomwe nchokwanira kuti akayezedwe.

Zizindikirozi zimangochenjeza. Palibe Sheikh, sing'anga kapena mwini golosale amene angamuyang'ane munthu nkunena motsimikiza kuti ali ndi TB kapena ayi. Ena amati ndi kanyera, ena tsempho, ena majini. Mboni yoona ndi makhololo.

Kayezedwe kake

Ku Old Town kuli chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu ankachitcha Bottom. Munthu akafika nkufotokoza za chifuwa chake, amapatsidwa kabotolo. Amatuluka panja, kutali ndi anthu, nkuchukucha mkamwa ndi madzi monga timachitira pa wudhu, nkukoka mpweya kwambiri kangapo, kenako nkutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa. Chofunika ndi makhololo enieni. Malovu okha amasokoneza zotsatira. Akakuuzani kuti mubweretsenso a m'mawa, nthawi yabwino ndi pamene mwangodzuka kukonzekera Swala ya Fajr, musanadye kanthu.

Kwa zaka zambiri makhololo ankapakidwa pa kagalasi nkuunikidwa ndi makina okuza tinthu tating'ono. Njirayi imaphonya odwala amene tizilombo tawo ntochepa, makamaka ana ndi amene ali ndi HIV. Mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza makina otchedwa GeneXpert, ndipo adafika m'zipatala zathu m'zaka zotsatira. Makinawa amapereka yankho m'maola pafupifupi awiri, ndipo amaonetsanso ngati tizilomboto sitikumva rifampicin, amene ndi amodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. Pakakhala chikaiko cha TB yosamva mankhwala, makhololo amatumizidwa ku labotale yaikulu ya boma ku Area 3, kumene tizilombo timameretsedwa kwa masabata angapo.

Ngati makhololo sadaonetse kanthu koma munthu akudwalabe, dokotala amajambula m'chifuwa ndi X-ray. Odwala kwambiri amene ali ndi HIV amayezedwanso mkodzo. Mwana wamng'ono satha kutulutsa makhololo, choncho achipatala amafunsa ngati pakhomo pali wamkulu wotsokomola, amaona ngati sikelo ya mwanayo ikutsika, ndipo amamujambula. TB imagwiranso mbali zina za thupi, monga msana ndi anabele a m'khosi, ndipo munthu wotere mwina satsokomola nkomwe.

Aliyense woyezedwa TB amalangizidwa kuyezetsanso magazi, pakuti matenda awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri. Nchifukwa chake mu 2006 pa Bwaila padatsegulidwa Martin Preuss Centre, kuti wodwala athandizidwe pa zonse ziwiri malo amodzi. Koma tisaweruze: alipo ambiri odwala TB amene alibe HIV.

Kumene kuchedwa kumachokera

Makina amatenga maola, koma munthu amatha miyezi asadafike pamene pali makinawo. Woyamba kumuchedwetsa ndi golosale. Amagula mapiritsi lero, mankhwala a chifuwa mawa, nkumva bwino pang'ono, matenda akukula. Wandalama naye amachedwa m'njira yake, posintha mankhwala ogula osapereka makhololo ngakhale kamodzi. Mpanda wa njerwa sutchinga mpweya umene bwana ndi wophika wake akupuma m'khitchini imodzi.

Wachiwiri ndi umphawi. Kafukufuku wina wochitika mu Lilongwe momwemo, amene adasindikizidwa mu 2007, adapeza kuti wodwala ankawononga ndalama yolingana ndi zimene amapeza m'masiku 18, nkujombanso kuntchito masiku 22, asadauzidwe kuti ali ndi TB. Kuyeza kunali kwaulere, koma minibasi, chakudya ndi mankhwala ogula zinali zolipira. Wachitatu ndi manyazi ndi mantha. Mlonda amaopa kuchotsedwa ntchito, mayi amaopa mawu a apongozi, ndipo ena amapereka makhololo koma osabwerera kukamva zotsatira.

Chimene Deen ikutiphunzitsa

Mtumiki wathu, Swalla Allahu alaihi wasallam, adalamula Asilamu kufunafuna mankhwala. Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, ali paulendo wa ku Sham adamva kuti kumeneko kwagwa mliri. Adafunsa maganizo a Maswahaba nkubwerera ku Madina, ndipo adawafotokozera kuti kudziteteza nako kuli mkati mwa chikonzero cha Allah. Choncho dua ndi ruqya tizichita, kabotolo ka makhololo tili nako m'manja.

Ena amafunsa za Ramadhan. Kutulutsa makhololo sikumasula swaumu, kujambulidwa X-ray sikumasulanso. Ndipo Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, ikupereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ake akachira. Palibe chifukwa chodikira Eid kuti mukayezedwe.

Udindo wa jamaat

Mukamumva mbale akutsokomola Jumu'ah ziwiri zotsatizana, mutengereni pambali mwaulemu ndipo mumperekeze kuchipatala. Amene muli ndi magolosale, wogula mankhwala a chifuwa kachiwiri muuzeni za kuyezetsa. Olemba anthu ntchito, mpatseni wantchito tsiku ndi ndalama yokwerera, ndipo musamuchotse. Wodwala akamwa mankhwala oyenera mokhulupirika kwa masabata ochepa, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri. Makomiti a mizikiti apatule gawo la sadaka la maulendo otere. Wina akapezeka ndi TB, onse a m'nyumba mwake akaonedwe, makamaka ana osakwana zaka 5, ngakhale atakhala kuti adatumizidwa kale kwa agogo kunyanja. Kwathu kuno kuyeza kukuchitikanso m'zipatala za maboma athu, ndipo alangizi a zaumoyo angakulozereni kopereka makhololo. Mawindo a mizikiti ndi madrasa akhale otsegula.

Mankhwala a TB wamba amamwedwa miyezi 6, ndipo womaliza bwino amachira. Tikumpempha Allah kuti achize odwala athu, awakhululukire amene adatsogola, ndipo atipatse mtima wosamalirana. Ameen.